Feteleza wa manja awiri pa maluwa a adona

Aulutsi, ndiwerengereni nkhaniyi anthu kumudzi asekeko, koma dzina langa lokha musatchule.

Ndili kwathu ku Dedza, alangizi a zaulimi akangotulukira pa njinga yawo, ine ndinkathawira ku bawo. Ndinkati, "Munthu wa manja osalala chonchi angandiuze chiyani za khasu?"

Nditafika ku Joni ndinapeza ntchito ya m'gadeni ku Sandton. Ndinawauza adona kuti ulimi ndinabadwa nawo. Tsiku lina anandipatsa thumba la feteleza kuti ndithire maluwa awo. Ine poona feteleza waulere, yemwe kwathu timachita kulimbirana, ndinatapa ndi manja awiri n'kumakhuthulira patsinde penipeni. Ndinati maluwawa adye, akhute.

Patatha masiku anayi onse anauma ngati fodya wa m'chigafa. Adona analira ngati pali maliro. Ndinayesa kunamizira afiti, koma ku Sandton nkhani imeneyo siyenda. Anagula mbande zina n'kundiuza kuti zikafanso, ndinyamule chikwama changa.

Ndinaimbira foni mayi a kunyumba kuti athamangire kwa alangizi aja. Yankho linabwera: kachitsekerero kamodzi ka botolo basi, kukwirira patali ndi tsinde, kenako kuthirira. Alangiziwo anawonjezera kuti, "Mukawauze bambowo kuti zimenezi ndinaphunzitsa tsiku lomwe iwo anawina bawo lija."

Ntchito ndikadali nayo, maluwa ali biriwiri. Anzanga, alangizi akaitana msonkhano, pitani. Ine phunziro laulere ndinalithawa pakhomo, n'kudzalifuna ndili chogwada ku Joni.