Jekete ya Malemu Elifala Kamphinda

Malemu anabadwa pa 9 Meyi 1921 kumapiri a ku Ntchisi. Sukulu analekezera Sitandade 3, kenaka anaphunzira utelala kwa atsibweni awo. Mu 1946 anamanga banja ndi mayi Lenia Nambewe a ku Chisepo konkuno, ndipo makina awo osokera anawaika pakhonde pa sitolo ya bambo Asani.

Mu 1953, Chitaganya chitayamba, malemu analowa Kongeresi. Achinyamata inu mukuona chipani chili ponseponse lero, mbendera mpaka kumidzi, musamayese chinagwa kumwamba! Nthambi ya kuno inayambira pakhonde lomwe lija, anthu akunamizira kudzayezetsa malaya. Malemu ndiwo ankasunga mayina a mamembala.

Mu Malichi 1959 boma la atsamunda linaletsa Kongeresi. Apolisi anafika kudzafuna mayina aja, chifukwa aliyense wolembedwamo akanamangidwa. Anagudubuza nyumba yonse, anazula denga, anakhuthula ndi nkhokwe yomwe, koma sanapeze kanthu. Anawatenga malemu atavala jekete yawo yakuda. Kundende anakhalako miyezi khumi ndi itatu, ndipo khutu lakumanzere linagonthera komweko chifukwa cha ndodo. Dzina ngakhale limodzi silinatuluke pakamwa pawo.

Anatuluka mu Epulo 1960 n'kupeza chipani chitadzukanso ndi dzina latsopano la Malawi Kongeresi. Chisankho cha 1961 chitayandikira, anayenda pa njinga ku Bowe mpaka ku Ntchisi kuphunzitsa anthu kuvotera tambala wakuda. Ufulu anauona mu 1964, ndipo mu 1966 chipani chinatsala chimodzi m'dziko muno. Kawiri konse anawapempha kukhala wapampando wa dera, koma anakana, ati iwo ntchito yawo ndi singano.

Jekete ija tonse tikuidziwa. Inatuwa, inachita zigamba, ife adzukulu tinkawaseka kuti telala wanji wosadzisokera yatsopano. Kuichapa ankakaniza, zivute zitani.

Mu Juni chaka chino cha 1983 anayamba kudwala chifuwa. Anagonekedwa pachipatala cha Dowa Boma milungu itatu, ndipo anatisiya Lachiwiri pa 16 Ogasiti, atapempha kuti adzaikidwe m'manda atavala jekete yawoyo.

Dzulo mayi Nambewe anati aikonze pang'ono pomwe inang'ambika m'kati. Atasomola ulusi, anapeza kansalu koyera kosokereredwa kumsana, kolembedwa mayina makumi atatu ndi limodzi. Abale anga, tinangoti kakasi! Mayina omwe apolisi anazulira denga aja, malemu analowa nawo m'ndende, ali pamsana pomwe ankamenyedwapo. Ngakhale akazi awo sankadziwa, zaka makumi awiri ndi zinayi zonsezi. Ine mpaka pano ndikuchita mantha ndi munthu amene tinkadya naye m'mbale imodzi.

Malemu asiya mayi Nambewe, ana asanu, Magdalena, Agustino, Mose, Hana ndi Andireya, komanso adzukulu khumi ndi anayi. Tikuthokoza anamwino, a mpingo, adzukulu okumba manda, a nthambi yathu ya chipani, ndi banja la bambo Asani lomwe lapereka galimoto.

Ena mwa olembedwa pakansalu paja mwakhala pompano, munalera ana anu pakhomo chifukwa cha bambo agona apawa. Mayinawo sitiwerenga. Eni ake sanawatchule powamenya, ndiye ife ndife yani? Mayi Nambewe asokereramo kansalu kaja momwe kanalili, ndipo malemu apita nako.

Mzimu wa bambo Elifala Kamphinda uuse mumtendere.