Ndinavula Nyanga Mudzi Wonse Ukuona

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse, abale ndi alongo. Abusa, zikomo pondipatsa mpata. Akuluampingo, zikomo. Ndikudziwa ena mukudabwa kundiona ndaima kutsogolo kuno. Papita nthawi. Koma lero ndaima, ndipo ndilankhula.

Kwa alendo, ine ndine Fatsani. Kwathu ndi ku Mulanje. Kuno ku Ulaya ndimakhala ku Maryhill ndi mai a kunyumba ndi ana athu awiri. Ntchito yanga ndi ya zisudzo. Ndinayamba ndili mnyamata ku Blantyre, m'maholo a sukulu, anthu akulipira ndalama zachitsulo pakhomo. Titabwera kuno, mai anapeza ntchito ya makompyuta, ine ndinalowa yosamalira okalamba. Ntchito yabwino, sindiinyoza. Koma mtima wanga unali ku zisudzo.

Tsiku lina mnzanga wa kuntchito anandionetsa uthenga pa foni. Ankafuna anthu odzaza gulu mu sewero la pa TV. Masewero aja a nkhani zongopeka, a mafumu akalekale, malupanga, zinjoka zouluka. Ndinapita. Tsiku loyamba ndinali mtembo. Musaseke, abale! Ndinagona m'matope kuyambira m'mawa mpaka madzulo, mvula ya kuno ikundimenya. Kenako ndinakhala msilikali wonyamula mkondo kumbuyo kwa mfumu. Kenako mlonda wa pachipata, ndipo anandipatsa mawu anayi oti ndilankhule. Mawu anayi! Ndinawayeserera sabata yathunthu m'basi yopita ku Partick.

Patapita zaka, anandiitana. Anati, "Fatsani, tili ndi malo ako. Si iwe mwini sewero ayi, koma uoneka m'zigawo zisanu." Ndinafunsa kuti ndikhala ndani. Anati wansembe wa mdima, mdani wa mfumu. Nkhope ya labala. Nyanga ziwiri pamutu. Mkanjo wakuda. M'manja chikho cha magazi.

Ndinasaina. Pepala lija linali ndi lamulo: osajambula, osaonetsa munthu aliyense nkhope ija mpaka sewero lonse lituluke. Ukaphwanya, ntchito yatha.

Apa ndi pamene ndinalakwa, abale. Lamulo silinandiletse kuuza amayi anga kuti ndikusewera munthu woipa. Silinandiletse kukhala pansi ndi abusa. Ndinabisa ndekha. Ndinkachita manyazi, komanso ndinkanyada. Amayi akafunsa pa foni, ndinkangoti, "Ndili pa TV, amayi, zikuyenda." Iwo nkumauza anzawo kuchigayo kuti mwana wawo ali pa TV ku Ulaya.

Ndiye kunatuluka kavidiyo kotsatsa sewerolo. Munthu wina, sindimudziwa mpaka lero, anadulamo kachigawo kanga. Ine ndi nyanga, ndikumwa m'chikho, zofiira zikuchucha m'ndevu. Mawu anali anga, maso anali anga. Pambali anaikapo chithunzi changa nditavala suti kutchalitchi kuno. Pansi analemba dzina langa ndi mudzi wa kwathu. Analemba kuti, onani kumene kumachokera ndalama za kunja.

Kanayenda, abale. Kanayenda! Kuchokera ku Govanhill kuno mpaka ku Lilongwe, mpaka ku Joni, mpaka kumudzi. Ena mwa inu munakalandira. Ena munakatumiza. Sindikuloza munthu. Ndinapemphedwa kuti ndiyambe ndapumula pa ntchito yolandira alendo pakhomo la tchalitchi paja, ndipo ndinapumula. Ndinkaganiza kuti zipita zokha.

Sizinapite.

Kumudzi kuli mnzanga amene tinakulira limodzi, dzina lake Yohane. Nyumba yake inayang'anizana ndi ya amayi anga. Yohane anali ndi mwana wamkazi, Mphatso, wa zaka zisanu ndi ziwiri. Mphatso anadwala malungo. Anachedwa naye, mvula inali itawononga msewu. Kuchipatala anati magazi amuthera m'thupi. Anamwalira.

Magazi amuthera m'thupi. Mwamva, abale? Ndiye pamaliro pomwepo wina anatulutsa foni, nkuonetsa kavidiyo kaja.

Amayi anga ndi okalamba. Amakhala okha m'nyumba ya malata imene ndinawamangira. Anthu anayamba kunong'onezana kuti nyumba ija inamangidwa ndi magazi. Akuti mwana amamwa ku Ulaya, mai amatumiza kuchokera kuno. Achemwali anga a Esnart, amene amakhala ku Limbe, atamva zimenezi anakwera minibasi kukakhala nawo. Ine sanandiuze. Ankati asandisokoneze pa ntchito.

Linali Lachitatu. Tinkajambulira m'chidzenje chakale chophwanyiramo miyala, kunja kwa mzinda. Nkhope ija ankandimata ndi mai wina wa konkuno, dzina lake Moira. Maola anayi, tsiku lililonse, guluu pamphumi, guluu m'masaya. Mafoni ankasungidwa m'bokosi mpaka nthawi ya chakudya. Nthawi itakwana ndinalowa m'kalavani ya Moira, kanyumba ka matayala kogwiriramo ntchito, nyanga zili pamutu, ndinayatsa foni. A Esnart anali ataimba maulendo osawerengeka.

Ndinaimba. Chimene ndinayamba kumva si mawu a munthu. Ndinamva miyala. Gwa! Gwa! Pa malata.

"Achimwene!" a Esnart ankanong'ona. "Atizungulira. Tadzitsekera kuchipinda. Akuti titulutse amayi."

"Ndi anthu angati?"

"Bwalo lonse ladzaza. Ena ali ndi zikwanje. A Yohane ali pakhomo penipeni ndi nkhwangwa."

"Apolisi?"

"Tawaimbira, ali m'njira. Koma mtsinje wadzaza, akuzungulira kumtunda. Safika msanga, achimwene. Safika!"

Kumbuyo ndinamva amayi akupemphera. Sankalira ayi. Ankangotchula mayina athu, mmodzimmodzi, monga munthu amene akutsanzika.

Ndinagwa pa maondo m'kalavani muja. Taganizani. Munthu wa nyanga, mkanjo wakuda, akufuula kuti Yesu, Yesu, Yesu! Ndinati, Ambuye, ndili kutali. Ndilibe mapiko. Wobisa ndine, amayi sanalakwe. Ndionetseni chochita.

Moira anandigwira paphewa, anafunsa chimene chachitika. Ndinamufotokozera m'Chingerezi, mawu akuduka. Pomwepo wina anagogoda, anati kwatsala mphindi khumi tibwerere pa kamera. Anthu oposa zana ankandidikira kunja kuja, ndi akavalo omwe.

Ndinauza Moira kuti, "Ndikufuna aone nkhope iyi ikuchoka. Aone ndi maso awo. Pompano."

Anandiyang'ana. Anati, "Ukaionetsa, akuchotsa ntchito. Mwina ndi ine ndemwe. Komanso kuichotsa bwinobwino ndi pafupifupi ola. Tikafulumira, ichoka ndi khungu."

Ndinati, "Ichoke ndi khungu."

Anapita pachitseko, anakhoma ndi kiyi. Anatenga botolo la mafuta osungunulira guluu.

Ndinaimbanso, ulendo uno pa vidiyo. A Esnart atandiona anakuwa, foni inagwa pansi. Mlongo wanga weniweni, wa bere limodzi! Ndinati, "Achemwali, ndine Fatsani. Tolani foni. Tsegulani zenera, muwaonetse."

"Akakuonani chonchi atimaliza!"

"Tsegulani, achemwali."

Anatsegula. Anatulutsa dzanja ndi foni.

Ndinaona bwalo limene ndinkasewerapo mpira wachikulunga. Ndinaona anthu amene ndimawadziwa mayina. Atandiona, kunabuka chiphokoso. "Ndi uyo! Wabwera yekha!" Ena anathawa. Ena anatola miyala ina. Mwala umodzi unaphwanya galasi pamwamba pa dzanja la a Esnart, koma sanabweze dzanja.

Ndinafuula, "Bambo a Mphatso! Bambo a Mphatso, bwerani pafupi!"

Yohane anabwera. Nkhwangwa ili m'manja. Maso atatupa.

Anati, "Usatchule dzina la mwana wanga, mfiti iwe."

Ndinati, "Achimwene, ndipatseni mphindi zisanu. Zisanu zokha. Mukaona kuti ndanama, chitani chimene mwabwerera. Koma yang'anani."

Moira anathira mafuta, anagwira nyanga ya kumanzere, anakoka. Inazuka. Anaitembenuza pa kamera. M'kati munalibe kanthu, inali yopepuka ngati chitsononkho. Anaipinda ndi zala ziwiri. Phokoso linayamba kutsika. Anazula yachiwiri. Kenako ndinalowetsa zala zanga pansi pa chibwano, ndinakoka labala uja. Abale, ululu wake! Ngati akukusenda. Guluu anali asanasungunuke. Nsidze imodzi inapita. Khungu la patsaya ili, onani chipsera chake, linang'ambika. Koma ndinakoka. Ndinakoka mpaka nkhope yonse inatsalira m'manja mwanga ngati chisanza.

Kunja kwa kalavani ankamenya chitseko, akuitana dzina langa. Kumudzi kunali zii.

Wina m'gulu muja anakuwa, "Nanga magazi aja?"

Ndinamasulira m'Chingerezi. Moira anatsegula kabati, anatulutsa chigubu chimene amadzazira chikho chija. Anaviikamo chala, ananyambita. Anathira pang'ono mu tiyi wake, anamwa. Ndinati, "Ndi manyuchi a shuga, athiramo zofiiritsa za m'makeke. Ndi sewero, abale anga. Sewero ngati lija tinkachita pa Khirisimasi, ine ndili Herode, a Yohane ali msilikali wanga. Magazi enieni ndi awa akutuluka patsaya langawa."

Yohane anayang'ana nthawi yaitali. Anayandikira mpaka nkhope yake inadzaza foni. Ndiye anafunsa funso limene silindichoka m'makutu.

"Fatsani, ndiye mwana wanga anamupha ndani?"

Ndinati, "Malungo, achimwene. Malungo ndi msewu uja. Palibe munthu. Pepani. Pepani kuti sindinakuimbireni pa maliro. Ndinkachita manyazi."

Nkhwangwa inagwa. Anakhala pansi pakhonde la amayi, anagwira mutu, analira ngati mwana. Ndipo ndinamva chitseko chikutseguka. Ndinakuwa, "Amayi, musatuluke!" Koma anatuluka. Anakakhala pambali pake. Anangomugwira pamsana.

Anthu anayamba kuchoka, mmodzimmodzi. Apolisi atafika anapeza miyala yokha pabwalo.

Aleluya! Ndani angachite zimenezi, abale? Ine? Foni? Ayi. Ndi Mulungu.

Tsono ndisakunamizeni kuti zonse zinakoma. Ntchito inatha tsiku lomwelo. Eni sewero sanalakwe, ndinaphwanya lamulo, tsiku lonse lojambula linawonongeka. Anamata munthu wina nkhope yomwe ija, ndipo m'chigawo chotsatira wansembe wa mdima anabayidwa nkufa. Moira anachenjezedwa, koma ntchito yake inatsala, ndikuthokoza. Ine ndinabwerera kwa okalamba anga. Chaka chathunthu palibe anandiitana. Kumudzi alipo mpaka lero amene amati ndinavula nyanga chifukwa ndinagwidwa. Amayi anakakhala ku Limbe miyezi ingapo. Kenako anati afuna kwawo, kuli munda wawo, ndipo anabwerera.

Chaka chatha ndinapita kumudzi. Yohane anandiperekeza kumanda a Mphatso. Tinazula udzu, tinapemphera, tinabwerera.

Pano ndikugwirabe kwa okalamba masiku atatu pa sabata. Ndayambanso kuitanidwa, pang'onopang'ono. M'sewero lina latsopano ndine wopalasa bwato, ndimaolotsa asilikali pamtsinje, nkhope ndi yanga yomweyi. Sindine wotchuka. Dzina langa limatuluka kumapeto, anthu atazimitsa kale TV. Koma ndimagona tulo.

Ndikuthokoza mai a kunyumba, amene anapirira kulozedwa zala m'mashopu a ku Govanhill. Ndikuthokoza abusa, amene anabwera kunyumba kudzamva kuchokera pakamwa panga. Ndikuthokoza inu amene munandipepesa, ndi inu amene simunathe koma mwandigwira chanza lero.

Pempho langa ndi limodzi. Mukamapemphera, musayambe ndi ine. Yambani ndi Yohane. Mkazi wake ndi woyembekezera, mwezi wamawa akachira. Dzulo anandiimbira. Anati akabadwa mwanayo, woyamba kumusambitsa akhale amayi anga.

Ambuye akudalitseni nonse. Amen.