Ndasi la Mumdima ku Mponela

Zaka zimene ndinali mkamwini kumapiri a Ntchisi, inu musanabadwe, kanema sankakhala m'thumba ngati mafoni anuwa ayi. Tinkamuyendera mtunda, ndipo mandasi amene mukudyera tiyi mosasamalawa tinkawalawa pokhapokha fodya akagulidwa. Tandipatsa limodzi iwe Chikondi, usandiyang'ane ngati sunandimve.

Ine kwathu ndi kufupi ndi Madisi, koma nditakwatira agogo anu Nachisale ndinakakhala kwawo monga mwa mwambo. Patapita zaka bambo anga anamwalira, mayi anatsala okha maso akuchita mdima, munda wathu ukumera tchire ine ndikulimira eni ake. Ndinapempha chitengwa, kuti nditenge mkazi wanga tikakhale kwathu, koma amalume ake a Nachisale anati mawu ali ndi mlongo wawo, ndiye apongozi angawo. Apongozi anangoti, "Munthu sitimudziwa mtima wake, mwana wanga akamugoneka ndi njala." Zinandiwawa, ana inu, ndinkalira ndekha kudimba.

Nanga akanandidziwa bwanji? Lero mumakhala mpando umodzi ndi apongozi anu n'kumajambulitsa zithunzi, koma ife tikawaona akubwera m'njira tinkapatukira kuthengo, kaya kuli chitedze. Kudya pamaso pawo kunali kulaula mudzi. Mawu onse ankadzera mwa Nachisale, moti ine sindinkadziwa kasekedwe kawo, iwonso liwu langa ankangolimvera patali ndikamakalipira ng'ombe.

Tsiku lina la msika ndinatsikira ku Mponela kukagula khasu, ndipo nditamva chiphokoso m'chisakasa cha kanema, mtima unati lowa, mavuto sathera tsiku limodzi. Ndinagula mandasi awiri otentha, mafuta akuchita kuboola pepala, n'kulowa. Kunja dzuwa linali pamutu koma m'katimo munali bii, mabowo onse atatseka ndi ziguduli, jenereta ikulira kuseri. Ndinapapasa benchi n'kukhala pafupi ndi mayi wina wofunda chitenje kumutu.

Filimuyo inali ya nkhonya, ndipo mayiyo, ha! Mwini filimu akagwa, iye, "Dzuka mwanawe, akupha!" Akabwezera, iye m'manja, kuseka mpaka benchi kugwedera, ineyo n'kumathirira ndemanga, "Mpatsenso china!" Tinagwirizana ngati tinakulira nyumba imodzi. Ndasi loyamba ndinali nditameza kale, koma potulutsa lachiwiri ndinamva mayiyo akumeza malovu, mimba yake ikulira mopanda manyazi. Ndinalinyema pawiri, mbali yaikulu n'kumupatsa.

"Idyani mayi, njala ilibe mwini."

"Zikomo bambo, ndachoka kutali osalawa kanthu. Mulungu akudalitseni."

Tili mkati motafuna, mwini filimu atangotsala pang'ono kugwira mdani wake, jenereta inatsokomola n'kuzima. Anthu anakuwa, mwini chisakasa anakankha chitseko, kuwala kunalowa. Ndinatembenuka, nawonso anatembenuka. Apongozi! Ndasi lili kukamwa, mafuta ali nyezinyezi pamilomo, anthu amene m'mawa womwewo anatsanzika kuti akupita kukaona wodwala ku Mtengowanthenga.

Musaseke, ine ndinafa tsiku limenelo. Ndinalumpha mabenchi, khasu langa latsopano ndinalisiya momwemo, ndipo njira yonse yokwera mapiri ndinkangowerenga milandu yanga: ndakhala nawo benchi imodzi, ndadya pamaso pawo, ndawagunda ndi chigongono poseka. Ndinati basi, chitengwa chapita, mwina ndi ukwati womwe. Koma wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, ndinakafikabe pakhomo.

M'mawa mwake ndikusema mpini kuseri kwa nkhokwe, ndinamva khasu likugwa pansi mbali inayo. Linali langa lija. Kenako liwu, loyamba kulankhula ndi ine mwachindunji chikwatirireni.

"Achimwene a ku Madisi, muli pamenepo?"

"Ndili pano, mayi," ndinayankha nditagwada, ngakhale sankandiona.

"Dzulo munandizindikira musanandipatse?"

"Ayi mayi, ndikanathawa."

Kenako ndinamva kuseka kuja kwa m'chisakasa, akukutsekereza ndi chitenje.

"Ndiye mwapatsa mlendo mbali yaikulu, mumdima, popanda wokuonani. Mwana wanga sakagona ndi njala. Mukauze ankhoswe anu abwere Loweruka. Koma za kanemazo, pakamwa panu pakhale potseka, anzanga a kumpingo asamve."

Ana inu, ndinavina kuseri kwa nkhokweko ndekhandekha, munthu wamkulu ndevu zili pepeya! Mwezi usanathe ine ndi Nachisale tinatsika mapiri ndi ngolo, mbuzi zili pambuyo, ndipo mayi anga atamva mawu a mpongozi wawo pakhomo analulutira mpaka mawu kusasa. Chaka chomwecho munda wa bambo unabereka chimanga choti nkhokwe inachepa. Chinsinsi ndinachisunga mpaka apongozi anatisiya, ndipo ndikuulula lero chifukwa iwo eni atakalamba ankachinena okha pamaliro, anthu n'kumagubuduka ndi phwete.

Tsono inu mumaonera kanema aliyense payekha, mutu uli zyoli pa foni, zotsekera zili m'makutu, ndasi mukudya mobisa m'thumba. Sindikuletsani, zokoma zinabwera kuti tizidye, ndipo inenso sindinasiye. Koma paja akulu anati kupatsa n'kuika. Mukakhala pa benchi, muziyamba mwamva ngati mimba ya mnzanu ikulira, pakuti simudziwa amene wakhala pambali panu. Ine theka la ndasi linandibwezera kwa mayi anga akadali moyo.