Tizipewa ta ba Tembo

Zaka zija ufa tinkaugula pamzere, sopo akubisidwa pansi pa kauntala ngati mankhwala, ine ndinali wotaipa mu ofesi ina ya nyumba za lendi, ndipo dzina la ofesiyo lisiyeni, silikuthandizani kanthu. Iwe Natasha, chotsa kaye chala pa makinawo. Ndakuona, wafufuta kachipewa pa dzina la amai Mbeŵe m'kaundula wa mpingo, wati kakusokoneza mizere. Inunso a kwaya bwerani kuno, nyimbo sizithawa. Ine kachipewa kotero ndinakafufutapo, ndipo mai wina wa kuno ku Matero nyumba yake inalendewera pa kanthu kameneko.

Masiku amenewo kunalibe zodinadina zanuzi. Nyumba iliyonse inali ndi khadi lake, makhadi ali m'madirowa achitsulo, ndipo taipi yanga inali yolemera ngati mphero, koma chilembo cha chipewa inalibe. Ukafika pa dzina ngati Mbeŵe unkataipa chilembo wamba, kenako nkutenga cholembera nkuchiveka kachipewa kake ndi dzanja. Woveka tizipewa anali kalaliki wamkulu, ba Tembo, kamdala kakafupi ka ku Katete, cholembera kukhutu nthawi zonse, ndipo khadi silinkalowa m'dirowa asanaliyang'ane iwo.

Koma mdala ameneyu ankandipsetsa mtima, ana inu. Ine ndinaphunzira ku mishoni, kumene ukaphonya chilembo rula inkakupeza pa zala, ndiye ndikutsegula dirowa ndikupeza Zulu wavala chipewa, Banda wavala chipewa, Phiri naye wavala, pamene maina amenewo chibadwire sanavalepo kanthu. Tsiku lina ndinalephera kupirira, ndinanyamula khadi nkuliika pa tebulo pawo.

"Ba Tembo, Zulu alibe chipewa."

Iwo osadzutsa n'komwe mutu anati, "Uyu ali nacho, mai. Bwezani m'dirowa."

Ndinabweza, koma mumtima ndinati ukalamba wafika, mdala wayamba kukongoletsa mapepala. Mwamva mmene ndinalankhulira? Sindinafunse. Ndinapita kukaphunzitsa.

Tsono chuma chinapitiriza kugwa, makampani akutseka, anthu akuchotsedwa ntchito ngati nsabwe m'malaya, ndipo maliro anali tsiku ndi tsiku, amuna a zaka zabwinobwino akungopita. Ku ofesi kwathu nako chikwanje chinafika. Ba Tembo anawapatsa kalata yowachotsa ntchito Lachisanu masana, pofika folo koloko anali atatuluka pa geti ndi kapu yawo ya tiyi m'thumba, popanda wowauza kuti bambo, tisiyireni mawu. Lolemba m'mawa pa tebulo pawo panakhala kompyuta.

Inu mukamva kompyuta mukuganiza kanthu kopyapyala ngati ako, Natasha. Iyayi. Chinali chibokosi chotuwa, cholira ngati firiji yakale, ndipo ankachifunditsa nsalu pochoka kuopa fumbi. Anabwera nacho ba Chanda, katswiri wa ku migodi ya ku Kopala, tayi pakhosi ngakhale mu Okutobala, ndipo ntchito yanga inali kusamutsa maina onse a m'madirowa kulowetsa m'chibokosimo. Tinayesa dzina limodzi la chipewa, chibokosi chinalavula timabokosi ndi zizindikiro zofunsa, ndipo ukalifuna dzinalo chinkati munthu ameneyu kulibe. Ba Chanda anagwira m'chiuno.

"Ba mayo, ivi vonse vili pamwamba pa maina chosaniko. Mashini siifuna. Lembani chabe vilembo va bwino bwino."

Kunena zoona ndinakondwa. Ndinati potsiriza pabwera munthu wodziwa. Milungu itatu ndinakhala pamenepo, magetsi akuzima, ndikuyambanso, ndikuvula maina zipewa, zoona ndi zabodza zomwe, ndipo Ng'andu ndi Ng'oma nawonso ndinawachotsa kamchira kawo kam'mwamba. Nditamaliza, bwana anati madirowa akudya malo, makhadi onse anawatulutsa m'masaka, ndipo kumene anapita sindidziwa. Chikomekome cha mkuyu, ana inu, ofesi inaoneka yoyera ngati chipatala.

Pasanapite nthawi kunabwera mawu akuti nyumba zija zigulitsidwe kwa okhalamo, ndipo kalata yogulira ipite kwa amene dzina lake lili m'kompyuta. Sabata yoyamba yomweyo kunalowa mwamuna wina wa nsapato zonyezimira, nkuika reji yake pa tebulo, chitupa chija cha boma.

"Ndine Yohane Mbewe, nyumba ya ku Matero. Nabwela kutenga kalata yanga."

Ndinadina, dzina linatuluka, chilembo ndi chilembo mofanana ndi pa reji. Chibokosi sichinkasunga zaka za munthu, ndipo ine sindinadabwe kuti munthu wa zaka makumi atatu angakhale bwanji ndi nyumba ya lendi kuyambira ine ndisanayambe ntchito. Pamzere panali anthu mpaka panja, thukuta lili kamukamu. Ndinasindikiza kalata, bwana anadinda, munthu nkupita akuimba mluzu.

Patapita mwezi kunabwera mai wina, chitenje chofwifwa, manja akuda ndi dothi la tomato wa pa msika. Anati dzina lawo ndi amake Tisa, ndipo kunyumba kwawo kwabwera anthu ndi tepi yoyezera, akuti nyumbayo yagulidwa, atuluke mwezi ukatha. Ana asanu. Ndinawafunsa dzina la mwini nyumba, anati Yohane Mbeŵe, amuna awo. Ndinati amuna anu anabwera okha kudzatenga kalata. Mai uja anawerama nkunong'ona kuti anthu a pamzere asamve.

"Mwanangu, amuna anga ali ku manda, chino n'chaka chachisanu ndi chimodzi. Pitani mukaone chipewa changa."

"Chipewa chanji, amai?"

"Ba Tembo anati ndikadzavutika ndidzangonena kuti onani chipewa, a mu ofesi adzamva."

Loweruka ndinakwera minibasi mpaka ku Chawama, ndinafunsafunsa mpaka ndinawapeza ba Tembo kuseri kwa nyumba, akudyetsa nkhuku, cholembera chikadali kukhutu ngakhale analibenso cholemba. Ndinawafotokozera. Anakhala pa njerwa, nandiuza zimene ndinayenera kumva zaka zambiri m'mbuyomo.

Lamulo la ofesi linali lakuti nyumba ili m'dzina la mwamuna, ndipo mwamuna akafa nyumba ibwerere ku ofesi, ipatsidwe wina wa pamndandanda. Mkazi wamasiye atenge mapoto ake aone kolowera. Ba Tembo lamulo limeneli linkawawawa. Ndiye mai akabwera kudzanena za imfa, iwo ankamuuza kuti khala chete, pitiriza kulipira lendi m'dzina la malemu, ndipo pa khadi ankaika kachipewa pa chilembo chimene sichivala chipewa. Tanthauzo lake linali lakuti mwini dzina anafa, m'nyumba muli wamasiye ndi ana, ndipo wina akabwera nkunena kuti dzinali ndi langa, ameneyo ndi wakuba. Khadi la Yohane linali ndi zipewa ziwiri, china chake cha Mbeŵe, china pa Yohane. Ine ndinavula zonse.

Nanga wa nsapato zonyezimira uja? Anali mwana wa mkulu wake wa malemu, amene pobadwa anapatsidwa dzina la atate ake aang'ono monga timachitira kwathu, kuti dzina lisafe. Pa maliro anadya nawo, anamva kuti khadi silinasinthidwe, ndipo anasunga nkhaniyo zaka zisanu ndi chimodzi ngati mbewu.

Ndinakwiya, ana inu, ndipo mpaka lero ndikakumbuka ndimakwiya. Ndinawakalipira akuluakulu pakhomo pawo.

"Ba Tembo, nanga osalemba penapake? Chinthu chotere nkuchisunga m'mutu mwa munthu mmodzi?"

"Ndikanalemba, mai, bwana akanawerenga, ndipo amasiye onse akanagona panja tsiku lomwelo, ine kundende. Ndinkadikira wina wa mu ofesi andifunse kuti ndione ngati ali ndi mtima. Inu munabwera kamodzi, koma munabwera kudzandikonza."

Safunsa anadya phula, koma phula limeneli ndinatafuna ine, kumeza anameza wina.

Mdala uja anandituma kutenga kope la mdzukulu wake, ndipo anayamba kutchula. Nambala ya nyumba, dzina la malemu, dzina la mkazi, mpaka ana angati, zonse za pamtima, nkhuku zikutijompha kumapazi. Tinadzaza masamba atatu. Lolemba ndinapita nawo kwa bwana, ndikudziwa kuti ndinali kuulula mlandu wa zaka zambiri. Mwayi wake lamulo latsopano linkati nyumba igulidwe ndi wokhalamo, ndiye bwana atatukwana mokwanira analola kuti amasiye abwere ndi mapepala a manda, maina asinthidwe. Ndinayenda ndekha khomo ndi khomo kuwaitana. Ena mwa iwo mumawadziwa, amakhala kutsogolo Lamulungu, koma sindikutchulirani.

Za amake Tisa zokha zinakanika. Yohane wamng'ono anali atasaina kale, ndipo nyumba anali ataigulitsanso kwa wamalonda wina wa m'tauni, iye nkuzimiririka. Ndinapempha, ndinalira, ndinapita kwa ba Chanda kuti mwina chibokosi chingabweze mawu. Iwo anangotambasula manja.

"Mashini siinama, ba mayo. Yohane Mbewe ni Yohane Mbewe. Vamene munaikamo ndiye vamene yachosa."

Ndinafuna kuwakoka tayi ija, Mulungu andikhululukire, koma chowawa n'chakuti sananame. Madzi akatayika saoleka.

Lero mumati makina anu amalandira chilembo chilichonse, ngakhale tinkhope toseka mumatiika pa maina, ndipo zimenezo n'zabwino. Koma mtima wofulumira uja ndimauonabe, wakuti chimene sindikuchimvetsa ndiye kuti n'chopanda ntchito, tiyeretse. Kale tinkachedwa chifukwa zida zinali zolemera, inu zida zapepuka, ndiye kuchedwako muyenera kukufuna dala. Mukapeza kachizindikiro m'buku lakale, kaya mfundo pa chingwe, kaya mwala woikidwa pamalo odabwitsa, yambani mwafunsa amene anauika akadali ndi mpweya, ndipo pofunsapo mupite ngati wosadziwa.

Tsiku losamuka ndinapempha tchuthi, ndinapita kukathandiza. Katundu yense anakwana pa mawilibala awiri, bedi, mbaula, mapoto, ndi chitseko cha kabati chimene malemu anapala okha. Tinakankha kuchokera ku Matero mpaka ku Kanyama, ku kachipinda kamodzi kumene mvula ikagwa madzi amalowa osagogoda. Njira yonse mai uja sanandinenere mawu oipa ngakhale amodzi, ndipo ine ndinkalakalaka atanditukwana kuti mtima upepuke. Titatsitsa katundu anandipatsa madzi m'kapu, nakhala pa bedi limene linali lisanamangidwe.

"Mwanangu, ndifunseko chinthu chimodzi, usakwiye. Chipewa changa chija, pochichotsa, unavutika nacho nthawi yaitali bwanji?"

Ndinafuna kunama kuti ndinaganizira, ndinakayika, ndinafunsa kwa bwana. Koma anali kundiyang'ana m'maso, ana asanu ali chilili pakhomo chifukwa m'kati munalibe poima.

Ndinati, "Amai, sindinachione n'komwe."