Makompyuta Osayankhulana

Pa siteji ya Kande, Ada Longwe anadikira minibasi chiimire, benchi akungoiyang'ana ngati mdani. Mayi wogulitsa nthochi analephera kupirira.

"Ada, malo alipo, bwanji osakhala?"

"Ndikhalire chiyani, ama? Dzulo chipatala china chandibaya jakisoni kumanzere. Lero chinanso chandibaya yemweyo kumanja."

"Simunawauze kuti munabayitsa kale?"

"Ndinawauza. Akuti kompyuta yawo sikundidziwa, chifukwa siyankhulana ndi yadzulo ija. Anazipereka ndi mabungwe osiyana."

"Ngati akazi apamitala?"

"Bola amenewo amatukwanako, nkhani n'kumveka."

"Nanga buku lanu lakuchipatala?"

"Nditaona makompyuta ndinati zamabuku zatha, ndinakulungira usipa. Ndiye mawa anditumiza kuchipatala chachitatu."

"Matako ndi awiri okha, ada. Kumeneko mutumeko mlamu wanu."