Alamu Anga Anandivula Zakuda pa Mgodi Wakale

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, moni nonse m'dzina la Ambuye. Ndaima pano chifukwa ndikufuna kuchitira umboni. Sukulu sindinapite nayo patali, ndiye ndingonena monga zinachitikira. Wina zikamuwawa, zimuwawe. Si ine ndinaziyamba.

Mukudziwa kuti amuna anga, bambo a Chifundo, anatisiya chaka cha dzana. Chinawatenga ndi chifuwa, chifuwa chimene anachitola kumigodi ya ku Joni ali mnyamata. Mtembo munathandiza kuutumiza kumudzi, Mulungu akudalitseni. Koma ine sindinakwere nawo ndege. Nkhani ya mapepala mukuidziwa. Ena inu muli momwemo, musayang'ane pansi. Ndikanapita sindikanabwerera, ndipo mwana wanga akanatsala ndi yani kuno ku America, ku Hyattsville?

Kwathu mkazi akaferedwa amavala zakuda, ndipo sazivula yekha. Amamuvula ndi akuchimuna. Iwo ndi amene amachotsa mpango kumutu, ndiye kuti maliro atha, munthu ayambenso kukhala munthu. Ine kuno wakuchimuna alipo mmodzi yekha, mlongo wa malemu, alamu anga a ku Manassas. Dzina sinditchula.

Chaka chitatha ndinakwera sitima, ndinakafika kwawo, ndinagwada pa kapeti. Ndinati, "Alamu, nthawi ija yakwana." Iwo anati, "Nthawi yanji? Manda ake unawaona? Dothi unaponya? Uzivala zimenezo mpaka zisanduke khungu lako." Abusa anayesa, anabwezedwa pakhomo. Ndinaimba foni kumudzi, anati, "Alamu akowo ndiwo maso athu kumeneko."

Ndiye ndinavala, abale. Ndinavala. Dzuwa la kuno mukulidziwa, lija limawotcha ngati uli m'ng'anjo, ine zakuda. Kuntchito kosamalira nkhalamba, yunifolomu pamwamba, zakuda mkati, mpango kumutu. Ndipo muno m'tchalitchi muno, ena munkasuntha pabenchi ndikakhala. Ena munkati, "Angovula yekha, kuno ndi ku America." Ndikatembenuka, pakamwa pomwepo, "Akavula yekha ndiye kuti wapeza mwamuna." Ndinkamva. Zakuda sizitseka makutu.

Tsono Mayi Tembo, nesi wa ku Zambia uja wakhala apoyo, ali ndi gulu lawo loyenda pansi m'nkhalango Loweruka, ati kuchepetsa shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Anandikakamiza. Anati, "Imwe, muzafa na maganizo mu nyumba. Tiyeni." Ndinavomera. Ndikukwera vani pa Woodbridge, ndikupeza alamu anga ali momwemo, atavala nsapato zoyera zatsopano. Atandiona ananyamula chikwama n'kuchiika pampando wopanda munthu. Ndinakakhala kumbuyo.

Nkhalango yake ndi yaikulu, kupitirira Woodbridge pang'ono. Inali nyengo imene masamba amafiira n'kumagwa. Nkhuni zikungowola pansi popanda wotola, mpaka mtima kundipweteka. Tinkayenda mondondozana m'kanjira, alamu ali kumbuyo kwanga. Ndikumva, "Lero khwangwala watitsata." Anthu kuseka. A Mbewe, inu munaseka nawo, ndinakumvani. Ndikumvanso, "Ena miyendo ali nayo yoyendera m'tchire, yoperekezera mwamuna analibe." Ndinangoyang'ana chidendene cha amene anali patsogolo panga.

Titatsika chitunda tinafika pamalo pamene mitengo inathera. Dothi lake lachikasu, lopanda ndi udzu womwe, fungo ngati la machesi. M'munsi mwake kamtsinje, madzi ofiira ngati dzimbiri. Mayi Tembo anati kalekale pamenepo panali mgodi, anthu ankalowa pansi kukakumba miyala, ndipo anatisonyeza simenti imene anatsekera dzenje.

Abale, ine ndinakhala zaka zonse zija ndi munthu wotsokomola mgodi, koma mgodi ndinali ndisanauonepo. Ndikudziwa kuti si umene ankalowa iwo. Komabe ndinasendera pafupi. Ndinagwada, ndinaika dzanja pa simenti paja, pozizira. Ndinati, "Bambo a Chifundo, kodi munkalowa m'malo otere?" Ndinalira. Kulira kumene sindinalire pabwalo la ndege, ndinalira pamenepo.

Alamu anati, "Taonani sewero! Akulira pa simenti ya azungu, manda enieni anawathawa."

Pamenepo pakamwa panga panatseguka. Ndinaimirira. Ndinati, "Alamu, amene ankatsuka beseni la magazi ndani? Amene ankawatembenuza pabedi ndani? Inu munkabwera Lamulungu ndi malalanje, n'kuima pakhomo mutagwira mphuno. Munaperekeza bokosi, inde. Ine ndinaperekeza munthu."

Anandithamangira. Anati, "Iwe! Iwe suyenera kumulira mlongo wanga! Ngakhale nsalu yakeyi suyenera!" Anagwira mpango wanga wakuda, anakoka ndi tsitsi lomwe, anauzula, anauponya m'kamtsinje kaja. Madzi anautenga.

Azungu awiri amene ankadutsa ndi galu anaima, kenako anafulumira. Ine ndinangomva mphepo ikundiwomba pamutu. Mphepo pamutu, abale! Ndinali nditaiwala kuti imamveka bwanji.

Woyamba kulankhula anali Mayi Tembo. Anati, "Imwe amai, mwamuvula. Na manja yanu. Tonse taona."

Alamu anati, "Ayi! Si zimenezo! Ine ndimamuchititsa manyazi!"

Ndipo a Mbewe, omwe aja anaseka, Mulungu anawabwereka pakamwa. Anati, "Mayi, mwambo sufunsa kuti nkhope inali yotani. Dzanja ndi lakuchimuna, mpango wachoka, mboni ndife. Kapena mukufuna mumuvekenso? Wamwaliranso ndani?"

Alamu anathyola kamtengo, anatsikira kumadzi kuti akauvuule. Mpango unali utalowa pansi pa miyala. Anafufuza, anafufuza, matope ofiira mpaka m'maondo. Palibe anawathandiza, ndipo ine sindinaseke. Ndinangoima, mutu uli pamtunda. Pobwerera m'vani Mayi Tembo anandikhazika kutsogolo.

Mawa lake ndinaimba kumudzi, ndinalankhula ndi malume awo a malemu, mwini mbumba. Ndinafotokoza zonse, ngakhale mawu anga owawa aja sindinabise. Anafunsa, "Wachotsa ndi iyeyo? Anthu analipo?" Ndinati eya. Anati, "Basi, kwatha. Mwana wathu unamulira mokwanira."

Sindinabwere pano kudzanama kuti tinakumbatirana. Alamu sandipatsa moni mpaka lero. Akuuza anthu kuti ndinawatchera msampha. Msampha wanji, ine wosadziwa n'komwe kuti m'nkhalangomo muli mgodi? Ndinagwada pa kapeti, anakana. Abusa anapempha, anakana. Koma Mulungu amene ndimamupembedza anatenga mkwiyo wawo womwewo n'kuugwiritsa ntchito. Dzanja limene linakwezedwa kuti lindinyoze, ndi lomwelo linandimasula. Amene mukawaone madzulo ano, ndipo ndikudziwa alipo akathamangira foni tikangotuluka, mukawauze kuti ndati zikomo. Mukanene momwemo, musawonjezere.

Zikomo Ambuye, Mwamuna wa amasiye. Zikomo Abusa. Zikomo Mayi Tembo pondikoka m'nyumba.

Diresi yobiriwirayi anandigulira ndi bambo a Chifundo asanagone pabedi. Sanandione nditaivala. Lero ndi tsiku lake loyamba. Tsono imirirani, mukondwere nane. Amayi, nthungululu zimveke mpaka panja. Ndi inu amene munkasuntha pabenchi, imirirani nawo, malo alipo pambali panga. Aleluya!