Mpikisano wa Kudzichepetsa kwa Ndamera

Zaka zimenezo, misewu ya kuno isanadzadze ndi akabaza, mpingo wathu kwa Ndamera unkafuna mkulu watsopano, ndipo amene ankaulimbirana udindowo anali a Zuze, msodzi wa milamba, ndi a Alufandika, mlimi wa thonje. Paja atambala awiri salira m'khola limodzi, ana inu.

Tsono abusa analalikira kuti wofuna kukhala wamkulu akhale mtumiki wa onse. Madoda awiriwa anawamva mawuwo, koma anawamvera khutu lolakwika. Lamulungu lotsatira anaima pakhomo la tchalitchi, uyu akuti "Tsogolani achimwene," uyo akuti "Nkhabe, ayi ndithu, ine ndine fumbi chabe, tsogolani ndinu," ndipo ife tinapsa ndi dzuwa la ku chigwa kuno mpaka amayi ena analowera pawindo. M'kati, a Zuze anakana benchi nakhala pansi. A Alufandika ataona choncho anagona chafufumimba. Sabata inayo tinapeza a Zuze atakumba kadzenje pakona kuti akhale pansi kuposa mnzawo. Musaseke, ndinaliona ndi maso angawa dzenjelo. Masiku ano anthu amalimbirana mpando wakutsogolo, koma matenda ake ndi omwewo.

Tsiku la chisankho panafunika kuwolotsa abusa padambo, poti ankakhala kutsidya, ndipo bwato linali langa. Titawoloka kukawatenga, madoda onse awiri anandilanda nkhafi, aliyense akuti wopalasa ndiye kapolo weniweni. Ine anandisiya pagombe. Anakhala moyang'anana, abusa pakati atakumbatira Baibulo, ndipo wina ankapalasira kuno, wina uko. Bwato linayamba kuzungulira ngati galu wofuna mchira wake.

"Abale, tikupita kuti?" anafunsa abusa.

"Tikukutumikirani, abusa!" anayankha onse pamodzi, nawonjezera mphamvu.

Abusa anachita chizungulire, anaimirira, ndipo kenaka thibu! m'madzi. Munthuyo anali wa kumapiri, kusambira sankadziwa, ndipo padambopo ng'ona sizisowa. Mpingo wonse, umene unkadikira kugombe la kutchalitchi, unayamba kukuwa.

Apo m'pamene kudzichepetsa kwa chionetsero kunathera. A Zuze analumphira m'madzi ndi jekete lawo lomwe, akukalipa m'Chisena mawu oti sindingawabwereze pano. "Gwira bwato, iwe Alufandika!" anakuwa, ulemu wonse ataiwala. Ndipo a Alufandika, amene sankauzidwa chochita ndi munthu, anamvera pompo, anazika nkhafi m'matope, nakoka abusa ndi lamba.

Atafika kumtunda, abusa analavula madzi, nati, "Lero ndaona atumiki awiri, koma kodi kunali koyenera kuti mundimize kaye?"

Pa chisankho, a Zuze anaimirira madzi akuchucha. "Sankhani mnzangayu," anatero. "Ine ndine waukali, koma uyu ngakhale womukalipira amamumvera." Ulendo uno sankayang'ana ngati tikuwaona. Tinasankha a Alufandika, ndipo mpaka imfa yawo sankagamula nkhani asanapite kugombe kukafunsa a Zuze.

Ndiye inu adzukulu, mukadzapatsidwa udindo, kaya kutchalitchi kaya kuntchito, musadzavutike kuonetsa anthu kuti ndinu odzichepetsa. Mudzangoyang'ana amene akumira pafupi nanu, ndipo jekete likafunika kunyowa, lilekeni linyowe.